Mbiri ya Gitala ya ku Ulaya m'Nyimbo Zisanu ndi Ziwiri

Nkhani yathu ya lero ikukhudza chida chimene aliyense wa ife akuchidziwa bwino, ndicho gitala. Tinaimvapo pa maukwati, m'makwaya ndi m'magulu a anyamata, ndipo ena a ife tinaipangapo tili ana pogwiritsa ntchito chigubu ndi mawaya. Komabe pali mtundu wina wa maimbidwe a gitala umene ambiri sitinauzolowere, umene Azungu amautcha classical guitar. M'maimbidwe amenewa munthu mmodzi amakhala pa mpando, gitala ili pa ntchafu yake ya kumanzere, popanda ng'oma ndiponso popanda woimba ndi pakamwa, ndipo amaliza nyimbo zimene zinalembedwa pa pepala, zina mwa izo zaka mazana atatu zapitazo. Munthu amene wangoyamba kumvera nyimbo zotere kawirikawiri amafunsa kuti: kodi ndiyambire pati, nanga ndizimvera chiyani?

Kuti tiyankhe bwino funsoli, tiyenera kuyamba tadziwa zofooka ziwiri zimene gitala inabadwa nazo. Choyamba n'chakuti mau ake ndi otsika, kotero kuti lipenga limodzi lokha likhoza kuwakwirira. Chachiwiri n'chakuti nsambo ikangolira, mau ake amayamba kuzilala nthawi yomweyo, monga momwe amachitira mau a kalimba kapena a bangwe. Woimba vayolini akhoza kukoka liu limodzi nthawi yaitali, ndipo munthu akhoza kuchita chimodzimodzi ndi mpweya wake, koma woimba gitala alibe mwai wotere. Mbiri yonse ya gitala ya ku Ulaya ndi mbiri ya anthu amene analimbana ndi zofooka ziwirizi, ndipo nyimbo iliyonse imene nditchule lero ndi yankho la munthu wina pa vuto limeneli. Mukamvera mukudziwa zimenezi, khutu lanu lidzapeza pogwira.

Tiyambire ku Spain m'chaka cha 1674. M'chaka chimenecho wansembe wina dzina lake Gaspar Sanz, amene anaphunzira ku Salamanca ndiponso ku Italy, anasindikiza mumzinda wa Zaragoza buku lophunzitsa kaimbidwe ka gitala. Gitala ya masiku amenewo inali yaing'ono poyerekeza ndi ya lero, ndipo nsambo zake zinali m'magulu asanu, zambiri ziwiriziwiri. Inali chida cha magule, chokondedwa ndi anthu wamba ngakhalenso ndi olemera pa nthawi ya chisangalalo. M'buku la Sanz muli gule wotchedwa Canarios, dzina lochokera ku zilumba za Canary, ndipo imeneyi ndiyo nyimbo yathu yoyamba. Sanz sanavutike ndi mau ozilala msanga, pakuti gule safuna mau aatali, amafuna kayendedwe. Pomvera Canarios yesani kuomba m'manja. Mudzaona kuti nthawi zina nyimboyo imayenda m'magulu awiri a zitatuzitatu, kenaka n'kutembenukira ku magulu atatu a ziwiriziwiri. Ife amene tinakulira pakati pa ng'oma zimene zimapingasana sitidzaona chachilendo pamenepa, ndipo n'chifukwa chake ndikuti muyambire pa nyimbo imeneyi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 gitala inasintha ndi kukhala ya nsambo zisanu ndi imodzi, iliyonse payokha, monga tikuidziwira lero. Munthu amene anaonetsa zimene gitala yotere ingathe kuchita ndi Fernando Sor, amene anabadwira ku Barcelona mu 1778 ndipo anaphunzira nyimbo ali mwana m'kwaya ya amonke ku Montserrat. Moyo wake unasokonezeka ndi nkhondo ya Napoleon. Pamene Afalansa analanda dziko la Spain, Sor anavomera kuwagwirira ntchito, ndipo pamene iwo anagonja mu 1813 iye anachoka nawo, osabwereranso kwao. Anakhala ku London, ku Moscow ndi ku Paris, kumene anamwalira mu 1839. Ali ku London, mu 1821, anasindikiza nyimbo yathu yachiwiri, imene pa zimbale imalembedwa kuti Variations on a Theme by Mozart, Opus 9. Anatenga kanyimbo kafupi ka m'sewero la Mozart lotchedwa The Magic Flute, la mu 1791, ndi kukabwereza kangapo, ulendo uliwonse atakaveka chovala china: pena mwachisoni, pena mothamanga, pena mau akudumpha kuchokera pansi kupita pamwamba. Sor anakulira m'kwaya, ndipo anailembera gitala monga ngati akulembera kwaya yaing'ono, ya mau apamwamba, apakati ndi apansi oyenda pamodzi. Liu limodzi likamazilala, lina limakhala litayamba kale, kotero kuti womvera saona mpata. Nyimbo imeneyi ndi yabwino kwa woyamba chifukwa imaphunzitsa khutu kutsata nyimbo imodzi ngakhale itasintha maonekedwe.

Sor atamwalira gitala inalowa pansi. Nyumba zoimbiramo zinali kukula, magulu a oimba anali kuchuluka, ndipo piyano, imene inali ndi mau amphamvu, inalowa m'nyumba za anthu opeza bwino ku Ulaya konse. Gitala inatsala m'manja mwa oimba m'misewu ndi m'malo omwera, ndipo anthu ophunzira anali kuiona ngati chida chosayenera munthu wofuna kutchuka pa nyimbo. Amene anaitsitsimutsa poyamba anali mmisiri wa matabwa, Antonio de Torres, wa ku Almería, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1817 mpaka 1892. Torres anakulitsa thupi la gitala, napepuza thabwa la pamwamba, ndi kulichirikiza mkati ndi timitengo tating'ono toyalidwa ngati nthiti za fani ya m'manja. Pofuna kutsimikiza kuti mau a gitala amachokera makamaka pa thabwa la pamwambalo, mu 1862 anapanga gitala imene msana ndi nthiti zake zinali za mapepala oumbidwa, ndipo gitala imeneyo ikusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale za nyimbo ku Barcelona. Pafupifupi magitala onse a mtundu umenewu opangidwa kuyambira pamenepo amatsata muyeso wa Torres.

Gitala ya Torres inapeza mwini wake woyenera mwa Francisco Tárrega, amene anabadwa mu 1852 ndi kumwalira mu 1909. Iyeyu anaphunzira piyano ndi kapekedwe ka nyimbo pa sukulu yaikulu ya nyimbo ku Madrid, koma mtima wake unali pa gitala. Nyimbo yathu yachitatu ndi yake, Recuerdos de la Alhambra, kutanthauza zikumbutso za Alhambra, yopekedwa m'zaka za m'ma 1890. Alhambra ndi nyumba yachifumu ya ku Granada imene anamanga mafumu Achisilamu amene analamulira dera limenelo mpaka chaka cha 1492, ndipo ndi yodziwika chifukwa cha akasupe ndi timifuleni ta madzi toyenda m'mabwalo ake. M'nyimbo imeneyi Tárrega anayankha mwachindunji vuto la mau ozilala. Chala chachikulu cha dzanja lamanja chimaliza nsambo ya pansi kamodzi, kenaka zala zitatu zimaliza nsambo imodzi ya pamwamba motsatizana mofulumira kwambiri, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Luso limeneli limatchedwa tremolo. Chimene chimachitika n'chakuti khutu limalumikiza timau tambirimbiri tija ndi kutimva ngati liu limodzi lalitali, monga momwe madontho a mvula yowirira amamvekera pa denga la malata. Anthu ambiri akamva nyimboyi koyamba amakana kuti akuimba ndi munthu mmodzi. Tamverani bwino pakati pake, pamene nyimbo imachoka m'mau achisoni ndi kulowa m'mau owala, ngati dzuwa latuluka m'mitambo.

Mwina simunadziwe kuti Tárrega munamumvapo kale. Kanyimbo kamene matelefoni a m'manja a Nokia anali kulira nako kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kanatengedwa m'nyimbo yake yotchedwa Gran Vals, ya mu 1902. Munthu amene anali wamanyazi, wokonda kuimbira abwenzi ochepa m'chipinda, anafika pomveka m'misika ndi m'mabasi a dziko lonse lapansi patapita zaka zoposa 80 chimwalirire.

Nyimbo yachinai ili ndi mbiri yodabwitsa, pakuti mwini wake sanailembere gitala ai. Isaac Albéniz, amene anabadwa mu 1860 ndi kumwalira chaka chimodzi ndi Tárrega, anali katswiri wa piyano, ndipo nyimbo imene lero timaitcha Asturias kapena Leyenda anailembera piyano kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1890. Ngakhale dzina lakuti Asturias silinachokere kwa iye. Analipereka ndi wosindikiza mabuku wa ku Germany iye atamwalira kale, ndipo ndi dzina losokeretsa, chifukwa Asturias ndi dera la kumpoto kwa Spain pamene nyimboyo ikutsanzira maimbidwe a flamenco a kumwera, ku Andalusia. Albéniz anali kuyesa kuti piyano imveke ngati gitala, ndipo oimba gitala atazindikira zimenezi anangoitenga nyimboyo ndi kuibwezera kwao. Imayamba motsitsa, liu limodzi likubwerezedwa kosalekeza pamene lina likuyendayenda pansi pake, ndipo pang'onopang'ono imakula mpaka nsambo zonse zimalira pamodzi ngati chiphaliwali. Pakati pake pali chigawo chodekha chofanana ndi munthu amene akudandaula yekha usiku. Apa tikuphunzira kuti chida cha mau otsika chikhoza kumveka champhamvu ngati woimba wayamba motsitsa kwambiri, pakuti khutu limayesa kukula kwa mau poyerekeza ndi amene lamva kale.

Tisanapitirire tiyenera kutchula Andrés Segovia, ngakhale kuti kutchuka kwake sikunali pa kupeka nyimbo. Anabadwira ku Linares mu 1893, ndipo ntchito ya moyo wake wonse inali yoti gitala ilandiridwe m'nyumba zazikulu zoimbiramo mofanana ndi piyano ndi vayolini. Anaimba ku Paris mu 1924 ndi ku New York mu 1928, ndipo mu 1935 anaimba pa gitala Chaconne, nyimbo yaitali ndi yovuta imene Johann Sebastian Bach analembera vayolini, chinthu chimene ambiri anali kuganiza kuti n'chosatheka. Anapemphanso opeka nyimbo amene sanali oimba gitala, monga Manuel Ponce wa ku Mexico ndi Mario Castelnuovo-Tedesco wa ku Italy, kuti amlembere nyimbo zatsopano. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nsambo za matumbo a nkhosa, zimene oimba anali kugwiritsa ntchito, zinasowa, ndipo Segovia anathandizana ndi mmisiri wa ku New York, Albert Augustine, kuti pakhale nsambo za nayiloni, zimene zinayamba kugulitsidwa nkhondo itatha. Nsambo zimenezi siziduka msanga ndipo sizisinthasintha ndi chinyezi. Segovia anapitiriza kuimba pamaso pa anthu mpaka chaka chimene anamwalira, 1987, ali ndi zaka 94.

Koma munthu wamkulu amakhala ndi mthunzi waukulu, ndipo pansi pa mthunzi wa Segovia panabisika Agustín Barrios wa ku Paraguay, mwini wa nyimbo yathu yachisanu. Barrios anabadwa mu 1885, ndipo anali mmodzi wa oimba gitala oyamba kujambulitsa nyimbo zao pa mbale za galamafoni. Moyo wake unali woyendayenda m'maiko a ku South America ndi Central America, kawirikawiri ali wosauka, ndipo nyimbo zake zambiri anali kuzisiya m'manja mwa abwenzi amene anamsunga. M'zaka za m'ma 1930 anayamba kudzitcha Nitsuga Mangoré ndi kuimba atavala nthenga monga mfumu ya mtundu wa Guaraní. Nitsuga ndi dzina lake lomwe lija, Agustín, lowerengedwa chobwerera m'mbuyo. Segovia, amene anali ndi mphamvu yokweza wopeka nyimbo aliyense, sanaike nyimbo za Barrios pa mndandanda wa zimene anali kuimba. Barrios anamwalira ku San Salvador mu 1944, ndipo kunja kwa maiko amene anayendamo dzina lake linatsala pang'ono kuiwalika, mpaka pamene John Williams, woimba gitala wobadwira ku Australia, anatulutsa chimbale cha nyimbo za Barrios zokhazokha mu 1977. Pambuyo pake dziko la Paraguay linaika nkhope yake pa ndalama ya pepala.

Nyimbo yake imene ndikukupemphani kuti muimve ndi La Catedral, kutanthauza tchalitchi chachikulu, ya mu 1921. Ili ndi zigawo zitatu, ndipo choyambacho anachiwonjezera ali ku Havana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Chigawo choyamba ndi chofatsa, cha mau apamwamba onga mabelu akutali. Chachiwiri chimayenda pang'onopang'ono monga limba la m'tchalitchi, ndipo chachitatu chimathamanga osapuma ngati khamu la anthu pa mseu. Barrios anali kukonda kwambiri nyimbo za Bach, ndipo anaphunzira kwa iye njira yolembera mzera umodzi wa mau othamanga umene khutu limaumva ngati anthu awiri kapena atatu akuyankhana.

Kuchokera ku Paraguay tiwolokere ku Brazil, dziko loyandikana nalo, kwa Heitor Villa-Lobos, amene anabadwa mu 1887 ndi kumwalira mu 1959. Ali mnyamata anali kuimba gitala pamodzi ndi magulu a m'misewu ya Rio de Janeiro oimba nyimbo zotchedwa choro, koma chida chimene anachiphunzira mwadongosolo chinali cello, vayolini yaikulu ya mau apansi imene woimba amaiimika pakati pa miyendo. Mu 1940 analemba nyimbo zisanu zazifupi za gitala zotchedwa Preludes, ndipo yoyamba mwa izo ndiyo nyimbo yathu yachisanu ndi chimodzi. Opeka nyimbo ambiri amaika nyimbo yeniyeni pa nsambo zing'onozing'ono za pamwamba. Villa-Lobos anaiika pa nsambo zonenepa, zimene mau ake amachedwa kuzilala, ndipo analamula kuti chala cha dzanja lamanzere chizitsetsereka pa nsamboyo kuchokera pa liu lina kufika pa lina. Chotsatira chake n'chakuti gitala imamveka ngati cello, kapena ngati bambo wa mau aakulu amene akuimba yekha pobwera kuchokera kumunda.

Nyimbo yomaliza ndi imene inalimbana ndi vuto lalikulu koposa, la kuika gitala patsogolo pa gulu lonse la oimba a zida zosiyanasiyana, lotchedwa okesitira. Mwini wake, Joaquín Rodrigo, anabadwira ku Sagunto mu 1901, ndipo anachita khungu ali ndi zaka zitatu atadwala nthenda ya pakhosi yotchedwa diphtheria. Sanali woimba gitala, anali wa piyano, ndipo nyimbo zake anali kuzilemba m'zilembo za anthu osaona za Braille, kenaka n'kuuza munthu wina kuti azikopere pa pepala liu ndi liu. Analemba Concierto de Aranjuez ku Paris mu 1939, chaka chimene nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain inatha, ndipo nyimboyo inaimbidwa koyamba ku Barcelona pa 9 November 1940, woimba gitala ali Regino Sainz de la Maza. Aranjuez ndi malo a minda ya maluwa ya mafumu kumwera kwa Madrid, minda imene Rodrigo anaidziwa mwa fungo ndi phokoso la madzi ndi mbalame. Nzeru yake inali yakuti gitala ndi gulu zizipatsana mpata monga amachitira akulu pa bwalo la milandu: gitala ikamalankhula, gulu limatsitsa mau, ndipo gulu lonse limafuula pokhapokha gitala itatsiriza. Woyamba kumene ayambire pa chigawo chachiwiri, Adagio. Chitoliro cha mau achisoni chotchedwa cor anglais chimayamba nyimbo, gitala ikuchiperekeza, kenaka gitala imatenga nyimbo yomweyo ndi kuikometsera ndi timau tozungulira liu lililonse kuti lisafe msanga. Woimba lipenga wa ku America, Miles Davis, anaikonda kwambiri nyimboyi mpaka anaiika pa chimbale chake cha Sketches of Spain mu 1960.

Segovia sanaimbepo Concierto de Aranjuez pamaso pa anthu, koma mu 1954 Rodrigo anamlembera nyimbo ina ya gitala ndi okesitira yotchedwa Fantasía para un gentilhombre. Zomangira nyimbo imeneyi anazitenga m'buku lija la Gaspar Sanz la mu 1674, ndipo chigawo chake chomaliza ndi gule wa Canarios yemwe uja. Motero gule amene anali kuvinidwa pa gitala yaing'ono ya magulu asanu a nsambo anafika m'nyumba zazikulu zoimbiramo patapita zaka zoposa 280.

Tsono mau ochepa a kamvedwe kake. Nyimbo zimenezi n'zofatsa, ndipo sizipikisana ndi phokoso la pa msika kapena la m'khichini. Zifuna nthawi ya madzulo, ntchito zitatha. Musathamangire kumva zonse tsiku limodzi. Sankhani imodzi, muimve katatu kapena kanai, ulendo wina mukutsata chala chachikulu chimene chikuliza mau apansi, ulendo wina mukutsata nyimbo ya pamwamba. Mukaizolowera, funani nyimbo yomweyo yoimbidwa ndi munthu wina. Segovia amakoka ndi kufulumiza nthawi monga momwe mtima wamuuzira. John Williams amaimba mosadodoma ndi moyera. Julian Bream wa ku England, amene anamwalira mu 2020, amasinthasintha mtundu wa mau posuntha dzanja lamanja kufupi ndi bowo la gitala kapena kutali nalo. Pamene mwayamba kusiyanitsa oimba atatuwa osauzidwa, dziwani kuti simulinso mlendo.

Nkhani ya Barrios itisiyire chophunzira. Nyimbo zake zinapulumuka chifukwa panali mbale zakale ndi mapepala amene anthu ena anasunga, ndipo zina zinachita kulembedwanso ndi akatswiri amene anamvetsera mbalezo mobwerezabwereza. Kwathu kunonso takhala ndi akatswiri a gitala, monga Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, chaka chimodzi ndi Segovia. Maimbidwe ake akudziwika mpaka kunja chifukwa anajambulidwa iye akali moyo. Khutu limene laphunzira kutsata chala chachikulu cha Tárrega lidzamvanso zambiri zimene linali kuziphonya mwa oimba athu, ndipo mwini khutu lotere sadzalola kuti mbale ndi matepi akale atayidwe ngati zinyalala.